Kuyesa Chomwe Chimadzutsa Njere za Chisoso M'dothi: Malangizo a Pang'onopang'ono

Mukapalira chisoso lero, pakatha sabata ziwiri mumapeza china chatulukanso pamalo omwewo. Izi zimachitika ngakhale mutapalira mosamala bwanji, chifukwa njere zomwe zili m'dothi sizimera tsiku limodzi. Zina zimadzuka mvula yoyamba ikangogwa, zina zimadikira kuti khasu lizitembenuzire kumtunda, zina zimagona chaka chonse mpaka chinzake. Njere imamera pokhapokha zinthu zingapo zikagwirizana: chinyezi chokhalitsa, kutentha koyenera, mpweya, mtundu wa kuwala komwe kukuifikira, ndiponso kuya kwa pomwe yagona. Chimodzi chikasowa, imakhala chete n'kumadikira.

Kudikirako kumatha kutalika kwambiri. M'chaka cha 1879, William Beal, katswiri wa zomera ku Michigan m'dziko la America, anakwirira mabotolo 20 a mchenga wosakaniza ndi njere za zomera zosiyanasiyana, zambiri mwa izo udzu wa m'minda. Mabotolowo akhala akufukulidwa limodzilimodzi, ndipo la mu 2021 linali ndi njere za mtundu wa Verbascum zomwe zinamera patatha zaka zoposa 140. Chisoso sichifika pamenepo, njere zake zimakhala zaka zingapo chabe. Koma tsinde limodzi limatha kubereka njere 3,000 mpaka 6,000, ndiye ngakhale theka litafa, zotsalazo n'zokwanira kudzaza munda.

Mlimi amene akudziwa chomwe chimadzutsa njerezi amatha kuzidzutsa dala pa nthawi yomwe iye wakonzeka kuzipha, kapena kuzigoneka mpaka ziwolere pansi. Kuyesa kwake sikufuna zipangizo zodula. Tigwiritsa ntchito chisoso, chomwe asayansi amachitcha Bidens pilosa, chifukwa njere zake n'zazikulu zosavuta kuwerenga, koma njira yomweyi imagwiranso pa bonongwe, mwamunaaligone ndi udzu wina wambiri.

Gawo loyamba: tolani njere zokhwima

Dikirani mpaka maluwa atafota ndipo mitu yada n'kuyanzuka, moti mukaigwedeza njere zikugwa zokha. Tolani kuchokera ku zitsamba zosachepera 20 m'mbali zosiyanasiyana za munda, osati pa chitsamba chimodzi.

Musanazisunge, thirani mutu umodzi papepala loyera muziyang'anitsitse. Njere iliyonse ndi yakuda, yowonda, ili ndi timizere m'litali mwake, ndipo kumutu kwake kuli timinga tiwiri, titatu kapena tinayi tokhala ndi tingowe toloza kumbuyo, tomwe timakola pa zovala ndi pa ubweya wa ziweto. Mudzaonanso kuti njerezo sizofanana. Za pakati pa mutu n'zazitali, zambiri zimafika sentimita imodzi kapena kupitirirapo. Za m'mphepete n'zazifupi, zokhakhala pang'ono. Zazitalizo zimamera msanga ndipo ndi zomwe zimakola mosavuta n'kupita kutali. Zazifupizo zimakonda kugwera pafupi ndi tsinde, ndipo tulo tawo n'tolemera. Choncho tsinde limodzi limasiya njere za chaka chino ndi za mtsogolo nthawi imodzi. Zipatuleni, zazitali pazokha zazifupi pazokha. Mukazisakaniza, zotsatira zanu zidzasokonekera osadziwa chifukwa chake.

Ziyanikeni pamthunzi kwa sabata imodzi, kenako muziike mu envulopu ya pepala, mulembepo tsiku. M'jumbo la pulasitiki zimachita nkhungu. Gawani pawiri: zina muyese tsopano, zina pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa njere za udzu wambiri zimasintha khalidwe zikakhalitsa zili zouma, ndipo zomwe zinkakana kumera zili zatsopano zimadzamera bwinobwino.

Gawo lachiwiri: konzani mbale

Pakufunika timbale tapulasitiki toonekera mkati tokhala ndi zivundikiro, tishu yopanda fungo kapena nsalu ya thonje yochapa bwino, madzi a mvula kapena owiritsa n'kuziziritsa, lula, kope, ndi themomita ngati mungaipeze. Yalani tishu yopinda pawiri m'kambale, inyowetseni, n'kupendeketsa kambaleko kuti madzi otsala atayike. Tishu ikhale yonyowa koma njere zisayandame.

M'kambale kalikonse ikani njere 25 zotalikirana, ndipo pa chinthu chilichonse chomwe mukuyesa konzani timbale tinayi. Zonse pamodzi zikhala 100, choncho nambala ya zomwe zamera ndi peresenti yomweyo, palibe masamu ena. Kambale kamodzi sikokwanira: kakhoza kuuma kapena kuchita nkhungu, inu n'kuganiza kuti ndi kuwala kapena kutentha komwe kwaletsa.

Lamulo lalikulu ndi lakuti muzisintha chinthu chimodzi chokha nthawi imodzi. Poyesa kuwala, kutentha ndi madzi zikhale zofanana m'timbale tonse. Poyesa kutentha, kuwala kukhale kofanana. Njere muziiwerenga kuti yamera pamene nsonga yoyera ya muzu yatuluka mamilimita awiri. Werengani tsiku lililonse nthawi yofanana kwa masiku 14, ndipo yomwe mwaiwerenga ichotseni.

Gawo lachitatu: kuwala, mdima, ndi mthunzi wa masamba

Konzani magulu atatu. Loyamba likhale pamalo owala koma osawombedwa ndi dzuwa mwachindunji. Lachiwiri likulungeni ndi foyilo kawiri mukangothira madzi, osasiya kampata ngakhale kakang'ono, ndipo musatsegule mpaka tsiku la 14. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amasuzumira tsiku lachitatu kuti aone zomwe zikuchitika. Njere yonyowa ya mitundu ina imadzutsidwa ndi kuwala kwa masekondi ochepa chabe, ndiye mukasuzumira mwaononga zonse. Kuti tishu isaume, matani chivundikiro ndi tepi musanakulunge. Timbale ta mumdimati tikhale pambali penipeni pa tinzake, kuti kutentha kukhale kumodzi.

Gulu lachitatu ndi lomwe limaphunzitsa zambiri. Phimbani zivundikiro ndi m'mbali momwe ndi masamba aawisi obiriwira kwambiri, osanjikiza awiri kapena atatu, kuti kuwala konse kofika panjere kukhale kodutsa m'masamba. Akayamba kufota asintheni madzulo kutada.

Chifukwa chake n'chakuti mthunzi wa masamba ndi wosiyana ndi mthunzi wa khoma. M'njere muli puloteni yotchedwa phytochrome, yomwe imamva mitundu iwiri ya kuwala: kofiira, kwa ma nanomita (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala) pafupifupi 660, ndi kwina kopitirira pang'ono pa kofiirako, kwa ma nanomita pafupifupi 730, komwe diso la munthu silikuona bwino. Koyambako kumadzutsa njere, kwachiwiriko kumaigoneka. Harry Borthwick ndi Sterling Hendricks pamodzi ndi anzawo ku Beltsville, ku America, anaonetsa izi mu 1952 pa njere za letesi: ankaziwalitsira mitundu iwiriyi mosinthanasinthana, ndipo njere zinkatsatira kuwala komwe kwabwera komaliza. Tsamba lobiriwira limamwa kuwala kofiira kuti lipangire chakudya, n'kulola kwachiwiriko kudutsa. Ndiye njere yomwe yagona pansi pa mbewu zowirira imalandira chizindikiro chakuti pamwamba pali kale zomera zina, ndipo ikamera idzafa ndi mthunzi.

Pa chisoso penipeni, Michael Fenner anaonetsa mu 1980 kuti njere zomwe poyamba zinkamera ngakhale mumdima, zikakhala kanthawi pansi pa mthunzi wa masamba zimasintha: zimayamba kufuna kuwala kwenikweni kuti zimere. Mukhoza kuona izi nokha. Pa tsiku la 7, tengani timbale tiwiri ta gulu lachitatu kutada muzikulunge ndi foyilo, tiwiri tinato muchotse masamba tikhale poyera. Ngati tapoyerato tadzaza ndi mizu pamene tamumdimato tili chete, mwaona chifukwa chake chisoso chimabuka mwamphamvu pomwe mbewu yafa n'kusiya mpata, ndiponso mukangokolola.

Musadabwe ngati njere zanu zamera mofanana poyera ndi mumdima. Krishna Reddy ndi Megh Singh ku Florida anapeza zomwezo mu 1992, pamene ofufuza ena m'mayiko ena anapeza kuti chisoso chawo chimamera bwino kukakhala kuwala. Njere zimasiyana malinga ndi komwe zinachokera, nyengo yomwe zinakhwimira ndi momwe zinasungidwira. N'chifukwa chake kuyesa njere za m'munda mwanu kuli ndi phindu kuposa kungodalira zolembedwa.

Gawo lachinayi: kutentha

Sankhani malo atatu kapena anayi osiyana kutentha: m'firiji, pansi pa simenti m'chipinda chozizira, pamalo ofunda monga pafupi ndi denga la malata, ndi gulu lina lomwe muzilisuntha, masana pofunda usiku pozizira. Ikani themomita pambali pa gulu lililonse, muzilemba m'mawa ndi masana.

Samalani ndi firiji, chifukwa mkati mwake ndi mumdima, ndiye mukhoza kusintha zinthu ziwiri mosazindikira. Ngati gawo lachitatu laonetsa kuti njere zanu zimamera mumdima, kulungani magulu onse ndi foyilo. Ngati zimafuna kuwala, muzitulutsa magulu onse poyera kwa mphindi zofanana tsiku lililonse.

Reddy ndi Singh anapeza kuti chisoso chimamera bwino kuyambira pa madigiri 25 masana ndi 20 usiku, mpaka 35 masana ndi 30 usiku. Kukatsika pansi pa 15 masana ndi 10 usiku, kapena kukakwera kupitirira 45 masana ndi 40 usiku, kumera kumavuta. Za m'firiji sizidzamera, koma musazitaye. Pakatha masiku 14 zisamutsireni pofunda, ndipo mudzaona kuti kuzizira kunangoziimitsa, sikunaziphe.

Gulu losunthasunthalo likuyesa chinthu china. Njere za udzu wambiri, monga bonongwe, zimamera kwambiri kutentha kukamakwera ndi kutsika kusiyana ndi kukakhala pamodzimodzi. Kuti mumvetse, pitani kumunda ndi themomita m'bandakucha ndiponso cha m'ma 2 koloko masana. Yezani pa sentimita imodzi pansi pa dothi, pa 5 ndi pa 10, pamalo a mbee ndi pamalo ophimbira. Pamwamba pa dothi la mbee kusiyana kwa m'mawa ndi masana n'kwakukulu. Mukamatsika pansi kumachepa, ndipo pansi pa zophimbira kumachepanso. Njere yomwe ikumva kusintha kwakukulu ndiye kuti ili pafupi ndi pamwamba, pamalo opanda chotchinga. Ineyo ndimaona kuti kuyeza kwa kumundaku n'kothandiza kuposa kwa m'timbale, chifukwa manambala ake ndi a dothi lomwe mukulimalo.

Gawo lachisanu: madzi ochepa, madzi ochuluka, ndi mchere

Apa gwiritsani ntchito zitini kapena machubu a dothi oboola pansi, njere zikhale pa theka la sentimita. Gulu lina muzithirira tsiku lililonse, lina masiku atatu alionse, lina mungolinyowetsa pamwamba kamodzi n'kulisiya. Lachinayi liikeni m'beseni madzi amize dothi kwa tsiku limodzi, kenako mulitulutse.

La kamodzilo likuyimira mvula yongowaza. Nthawi zambiri njere zimamwa madzi pang'ono, n'kuumanso osamera, ndipo sizifa. Mvula yeniyeni ikabwera zimadzamera. Lomizidwalo likuyesa mpweya, chifukwa njere yomwe ikumera imapuma, ndipo m'dothi lodzaza madzi mpweya mulibe. Ku Florida kuja, kumiza kwa tsiku limodzi lokha kunatsitsa kumera kuchoka pa 56 peresenti kufika pa 25, ndipo pomwe madzi anakhala masiku 28 sipanatuluke chilichonse. N'chifukwa chake chisoso sichivuta m'munda wa mpunga womizidwa bwino, koma chimadzaza m'milambala mwake.

Mchere ungayesedwe ndi omwe amathirira ndi madzi amchere kapena omwe dothi lawo limayera pamwamba likauma. Sungunulani magalamu 6 a mchere, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi, ndi magalamu 12 mu lita ina, munyowetsere tishu. Pa muyezo woyambawo Reddy ndi Singh anapeza njere 13 pa 100 zikumera, pa wachiwiriwo palibe ndi imodzi yomwe. Za asidi wa m'dothi musatayepo nthawi: njerezi zinamera 78 mpaka 90 peresenti kuyambira pa 4 mpaka 9 pa muyezo wa asidi wotchedwa pH, ndiye kuthira laimu sikungaletse chisoso.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuya

Ngati muli ndi nthawi yoyesa chinthu chimodzi chokha, yesani ichi, chifukwa ndi chomwe khasu lanu limasintha tsiku ndi tsiku.

Choyamba pezani dothi lopanda njere zina. Tengani la m'munda mwanu, lisefeni, linyowetseni pang'ono, muliike mumphika wovundikira pamoto kwa ola limodzi kuti nthunzi iphe njere zomwe zilimo, kenako lizizire. Konzani chitini chimodzi chopanda njere zanu. Mukatuluka chisoso m'menemo, ndiye kuti dothi silinapse mokwanira.

Dulani mabotolo apulasitiki akhale otalika masentimita 15, muboole pansi, mukulunge m'mbali ndi pepala lakuda kuti kuwala kusalowere m'mbali. Ndi lula lembani mzere pomwe dothi lidzalekezere, kenako yezani chotsika kuchokera pamzerewo. Thirani dothi mpaka pomwe njere zigone, sanjani njere 25, n'kuthira lotsalalo mpaka pamzere. Yesani pamwamba penipeni, pa sentimita 1, 2, 4, 6 ndi 10. Thirirani kuchokera pansi poimika mabotolo m'beseni la madzi ochepa. Mukathirira pamwamba, madzi amakwirira njere za pamwamba n'kufukula za pansi pang'ono. Werengani timbewu totuluka kwa sabata zitatu kapena zinayi.

Mudzaona kuti zambiri zimatuluka kuchokera pamwamba mpaka pa sentimita imodzi, n'kumachepa mukamatsika. Ku Florida, pa masentimita 10 sipanatuluke kalikonse. Za pamwamba penipeni zimamera bwino ngati dothi likhala lonyowa, koma padzuwa zimauma msanga.

Tsopano musataye dothi la m'mabotolo akuyawo. Lithireni pa nyuzipepala, mulifunyulule pang'onopang'ono ndi kamtengo. Mudzapeza zinthu ziwiri zosiyana. Zina zidzakhala timbewu toyera, towonda, topindikapindika, tomwe tinamera n'kuyamba ulendo wopita kumtunda koma chakudya cha m'njere chinatha tisanafike. Masamba ake awiri oyamba amakhala achikasu, opanikizana, nthawi zina chikhokho chakuda cha njere chidakali kumutu. Amenewo afa, sadzabweranso. Zina zidzakhala njere zathunthu zolimba, zomwe sizinayese n'komwe kumera. Zimenezo ndiye vuto la chaka chamawa. Kuwala kumalowa m'dothi mamilimita ochepa chabe, pansipo kutentha sikusintha kwenikweni, mpweya ndi wochepa, choncho njere inagona. Tengani zolimbazo muziike pa tishu yonyowa poyera. Zomwe zimere m'masiku ochepa zikuonetsani zomwe zimachitika mukatembenuza dothi mozama mvula itayamba kale.

Lembani manambala onse atatu pa kuya kulikonse: zotuluka, zofera m'njira, ndi zogona.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: zomwe sizinamere

M'timbale tonse, njere yosamera ikhoza kukhala yogona kapena yakufa. Ikanikizeni ndi chikhadabo. Ikaphwanyika kapena kutuluka madzi, ndi yakufa. Ikalimba, iduleni ndi lumo: yamoyo mkati mwake ndi moyera ndi mothina, yakufa ndi mofiirira kapena mopanda kanthu. M'malabotale amagwiritsa ntchito mankhwala a tetrazolium omwe amafiiritsa njere yamoyo, koma lumo ndi lokwanira. Zakufazo muzichotse pa chiwerengero. Ngati pa 100 panali 20 zakufa ndipo zamera 60, ndiye kuti zamera 60 pa 80 zamoyo, yomwe ndi 75 peresenti. Kusiyana kwa njere ziwiri kapena zitatu pakati pa magulu musakutenge ngati kanthu. Khulupirirani kusiyana komwe kukuoneka m'timbale tonse tinayi.

Gawo lomaliza: pitani nazo kumunda

Ngati njere zanu zimamera zambiri pafupi ndi pamwamba zikapeza chinyezi, zinyengeni. Konzani mabedi sabata ziwiri kapena zitatu musanafese, muwasalaze, muthirire ngati mwafesa kale. Chisoso chikatuluka ndi masamba awiri oyamba, chiparuleni ndi khasu mosapitirira masentimita awiri, dzuwa likuwala kuti chiume. Kenako fesani osatembenuzanso dothi. Mukalowetsa khasu mozama pamenepa, mwabweretsa njere zatsopano pamwamba ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Njirayi ndi yabwino kwambiri pa nazale ndi pa ulimi wothirira. Pa mbewu zodalira mvula sindikulangiza kuchedwetsa kubzala chifukwa cha udzu, popeza kuchedwa kubzala kumachotsa zokolola zambiri kuposa zomwe mungapulumutse. Kumeneko gwiritsani ntchito zomwe mwalemba m'kope kudziwa tsiku lomwe zambiri zimakhala zitamera, kuti kupalira koyamba kugwere pamenepo, timbewu tidakali tanthete, ndipo kukhale kwa pamwamba.

Ngati mthunzi wa masamba unaletsa kumera, thamangirani kutseka dothi. Bzalani pa mipata yoyenera, pakizani msanga pomwe sipanamere, ndipo pakati pa mizere ikani mbewu zoyanga kapena zamasamba ambiri monga nyemba, khobwe ndi maungu. Kuphimbira ndi mapesi kapena udzu wouma kumatchinga kuwala, kumachepetsa kusintha kwa kutentha, ndipo kambewu komwe kamera kamalephera kuboola. Koma kuphimbira kukhale kochindikala moti dothi lisaoneke. Kopyapyala kumangosunga chinyezi n'kusiya timipata ta kuwala, ndipo chisoso chimamera bwino kuposa pa mbee. Onetsetsaninso kuti udzu wophimbirawo unamwetedwa usanabereke.

Kugaula mozama kumakwirira njere pomwe sizingatuluke, ndipo kungathandize chaka chomwe chisoso chabereka kwambiri. Koma zomwe munazipeza zili zolimba m'botolo la masentimita 10 zikukuuzani kuti mukagaulanso mozama chaka chotsatira mudzazibweza. Kwirirani kamodzi, kenako zaka zotsatira muzigwira pamwamba pokha kuti za pansizo ziwole.

Pa malo aang'ono monga nazale, kutentha kungaphe njere. Nyowetsani bedi, liphimbeni ndi pulasitiki yoonekera mkati, mukwirire m'mphepete monse, likhale sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi m'nyengo yotentha kwambiri. Njirayi inafalitsidwa ndi Jaacov Katan ndi anzake ku Israel mu 1976. Imapha bwino njere za pamwamba, koma za pansi kwambiri zimapulumuka, ndiye mukachotsa pulasitiki musakumbenso.

Zonsezi zimagwira ntchito ngati simukuonjezera njere zatsopano. Chisoso chozulidwa chili ndi maluwa chimatha kukhwimitsa njere chili chigonere pamzere, choncho chotereche chitulutseni m'munda. Yang'aniraninso m'malire ndi m'njira, ndipo njere zokola pa zovala muzichotsere kunja kwa munda.

Mukafuna kuyesa kaufiti

Kaufiti sangamere m'timbale tanu ngakhale mutamupatsa kuwala, kutentha ndi madzi oyenera, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti musaganize kuti njere zake n'zakufa. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, tsinde limodzi limabereka masauzande ambirimbiri, ndipo zimakhala m'dothi zaka zoposa 10. Kuti zimere, choyamba zimafuna kukhala m'dothi lofunda ndi lonyowa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kenako zimadikira mankhwala otuluka m'mizu ya mbewu, a gulu la strigolactone. Oyamba mwa iwo, strigol, anapezeka mu 1966 m'mizu ya thonje. Njere ikamera iyenera kupeza muzu wa chimanga, mapira, mawere kapena mpunga pa mamilimita ochepa, apo ayi imafa m'masiku owerengeka chifukwa ilibe chakudya chokwanira. Mbewu zomwe zili pa dothi losowa nayitrojeni ndi fosifolasi zimatulutsa mankhwalawa ochuluka, n'chifukwa chake kaufiti amakonda minda yoguga.

Thonje, soya, mtedza ndi khobwe zimatha kudzutsa njere za kaufiti wa chimanga koma iye sangathe kuyamwa mizu yake, ndiye amamera n'kufa. Kaufiti wa mtundu wa Striga asiatica atapezeka ku North Carolina ndi South Carolina mu 1956, imodzi mwa njira zomwe anamuthetsera inali kupopera mpweya wa ethylene m'dothi kuti njere zimere popanda muzu woyamwa. Ku Kenya, bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linapeza kuti desmodium, chomera cha gulu la nyemba, akabzalidwa pakati pa chimanga amadzutsa njere za kaufiti komanso kulepheretsa kuti zimatirire ku mizu.

Kuyesa kwake chitani motere. Tengani dothi la pamwamba pomwe kaufiti anachuluka chaka chatha, lisakanizeni bwino, mudzaze ndowa zitatu zoboola pansi. Thirirani zonse kwa sabata ziwiri osabzala kanthu. Kenako m'ndowa yoyamba bzalani chimanga, yachiwiri soya, yachitatu ikhale yopanda mbewu koma muziithirirabe. Pakatha sabata zisanu ndi imodzi zulani chimangacho mosamala, mutsuke mizu m'beseni, ndipo muwerenge timphukira toyera ta kaufiti tomwe tamatirira ku mizu tisanatuluke pamwamba. Zulaninso soya, ndipo m'ndowa yachiwiri ndi yachitatu bzalani chimanga. Pakathanso sabata zisanu ndi imodzi tsukani mizu ya m'ndowa ziwirizo n'kuyerekeza manambala. Kuti musanyengedwe ndi ndowa imodzi, konzani zinayi pa gulu lililonse monga munachitira ndi timbale, ndipo dothi ndi madzi otsukira mizu muzitaye m'dzenje lakuya, osati m'munda woyera.